Kamera ya pa sikelo

Chaka chimene anaika makamera pa esiteti yathu ya tiyi, anthu ankawaopa ngati ufiti. Ankati amaona ngakhale tsamba limodzi lobisidwa m'thumba. Ine sindinkawaopa. Ndinkawafuna, chifukwa ndinali ndi mlandu wangawanga.

Amuna anga anali kalaliki wa pa sikelo, woyeza tiyi amene amayi athyola m'munda. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi kontena yabuluu imene sinali yanga, m'kati muli kalongonda wotsala. Wobadwira kuno ku Thyolo akudziwa kuti nyemba zimenezi si zamasewera. Zimawira tsiku lathunthu, madzi kutaya ndi kutayanso, ndipo zikapanda kupsa bwino zimazunguza mutu, mwinanso kupha kumene. Sudya kalongonda wa munthu wamba. Amuna angawa anakana ngakhale wa azakhali anga enieni pa chinkhoswe chathu.

"Wakupatsani ndani, bambo?" ndinafunsa.

"Mayi wina wothyola tiyi."

"Alibe dzina mayiyo?"

"Aa, mayi, anthu ndi ambiri pa sikelo paja."

Nsanje inandilowa mpaka m'mafupa. Ndinkagulitsa nthochi pa Boma masiku amenewo, ndipo mkazi aliyense wobwera kudzagula ndinkamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinkangofuna nkhope yake basi. Chochita nayo ndikanakachidziwa nditaiona.

Achimwene anga anali mlonda pa esiteti yomweyo, ndipo anali atangowakweza kuti azikhala m'kachipinda koonera makamera. Ndinawavutitsa mpaka anatopa nane.

"Chemwali, mundichotsetsa ntchito inu," anatero. Koma Loweruka masana, mabwana atapita, ananditsegulira.

Ndinakhumudwa nditangolowa. Kamera ya kuseri kwa fakitale inkaonetsa ukonde wa kangaude, mwini wake ali phee pakati. Ina mphepo inaitembenuza, inkalondera nthambi ya bulugama. Ya pageti inali mbee, chifukwa inali nyengo ya chiperoni ndipo nkhungu inali itakuta galasi lake.

"Zimene tikunjenjemera nazo zija ndi zimenezi?"

"Musakauze anthu," anatero achimwene. "Mantha aja ndi amene akugwira ntchito."

Ya pa sikelo yokha ndiyo inkaona bwino. Achimwene anabweza zithunzi mpaka tsiku la kontena lija. Koma oika kamerayo ankafuna kuona sikelo, osati nkhope za anthu, choncho anaipachika kudenga kwa shedi, yoyang'ana pansi. Ndiye chiperoni chikamawaza, othyola tiyi onse amapinda saka n'kulivala kumutu ngati chisoti, pulasitiki m'chiuno, dengu kumsana. Ine ndinapita kukaona mkazi, koma ndinkangoona masaka akuyenda pamzere.

Kenako saka lina linafika pa sikelo, linatula dengu, n'kutulutsa kontena yabuluu.

"Imitsani pomwepo! Kulitsani!"

Achimwene anakulitsa. Chithunzi chinasweka n'kukhala timabokositimabokosi. Dzanja lija likanatha kukhala la mtsikana, la gogo, ngakhale langa. Mawu kunalibe, kamerayo ndi yogontha. Ndinayandikira mpaka mphuno inagunda galasi, ngati ndingasuzumire kunsi kwa sakalo.

"Simungamudziwe, chemwali. Ngakhale akuba sitiwadziwa ndi kameneka. Tiyeni muzipita."

"Yendetsani kaye."

Ndikanamvera achimwene. Sikelo ya pa shedi paja ndi yopachika, ndipo inali pansi penipeni pa kamera. Kuti kalaliki awerenge kulemera kwa tiyi, amayenera kudzutsa mutu. Amuna anga anadzutsa mutu, kontena ili m'manja, ndipo nkhope yawo inadzaza galasi lonse, yooneka bwino kuposa chilichonse chimene ndinaona m'chipinda chija.

Ankaseka. Osati kumwetulira kwa ulemu ayi, kuseka kwenikweni, maso atatsinzina, mpata wa dzino limene anazula uli poyera. Kunyumba mpata umenewo ankaubisa ndi dzanja. Kuseka kotero ndinakuona komaliza mwana wathu woyamba akukwawa, ndipo ndinkangoti ndi ukulu, munthu akamakula amauma. Saka lija linachoka, linabwera lina. Amuna anga anadzutsanso mutu, ndipo nkhope inali itabwerera mwakale, ija ndinkaidziwa ine ya tsiku ndi tsiku.

Achimwene sanandiyang'ane. Anayamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

Mpaka lero anthu akandifunsa ngati makamera aja ankagwira ntchito, ndimati inde, koma ankagwira amene wadzutsa mutu. Mkazi uja sindinamudziwe, ndipo ndinasiya kumufunafuna. Nsanje yokha sinandisiye. Poyamba ndinkaganiza kuti wandibera mwamuna, koma mwamunayo ankabwera kunyumba madzulo alionse, osachedwa.

Sabata yotsatira sindinapite ku Boma. Ndinagula kalongonda, ndinamuwiritsa kuyambira m'mawa, ndinataya madzi ndi kutayanso mpaka nkhuni zonse zinatha. Amuna anga ndinawaikira m'mbale yathu ya alendo, n'kukhala moyang'anizana nawo. Anadya yense, osasiya ndi kambewu komwe. Atasamba m'manja anadzutsa mutu.

"Zikomo, mayi. Wapsa bwino."

Nkhope imene anandipatsa ndi ija anapatsa mayi wotsatira pamzere.