Dothi la Padambo la kwa Kasakula

Nditamaliza digiri ya udokotala wa za nthaka, ndinakhala kwa achemwali anga ku Madisi chaka chathunthu, ndikuwagulitsira mafilizesi. Alamu ankandinena kuti, "Dokotala wathu uyu sachiza ngakhale chimfine." Ntchito inabwera pa foni. Mnzanga ananditumizira chilengezo chakuti yunivesite ina ikufuna wofufuza wa zaka ziwiri, amene timati positidoki, woyeza chonde cha m'madambo a ku Dowa ndi ku Ntchisi. Atandilemba, a yunivesiteyo anandiuziratu kuti zotsatira zikaperewera, kontirakiti sadzawonjezera.

Malo otapa dothi sitinkasankha ndife. Kompyuta inkamwaza timadontho pa mapu, ine n'kumatsatira kamakina ka jipiesi mpaka kalire. Pamenepo ndinkazika ogala, chitsulo chapakamwa popiringizika, n'kumapotokola mpaka masentimita makumi atatu. Dothi linkalowa m'kathumba, nambala pamwamba, ulendo wa ku labu. Apulofesa otiyang'anira ankati, "Kadontho sikasuntha. Mukasuntha, mwanama."

Tsiku lina kadontho kanandifikitsa m'mphepete mwa dambo lina kwa Kasakula, kuseri kwa bango. Mwini dimba lapafupi, mayi wachitsikana dzina lake Nambewe, ankathirira mpiru. Tinapatsana moni, ndinamufotokozera, iye anangoti chabwino. Koma atawona pamene ndaima, anatula kheni.

Ogala inalowa mosavuta, ngati m'phala. Nditaizula, kunsonga kunali kansanza ka chitenje chobiriwira.

"Amayi, bwezeranipo," anatero Nambewe motsitsa mawu. "Ndi wanga ameneyo."

Inali nthayo, mwana wobadwa atafa kale. Kwathu kuno wotere saikidwa kumanda. Amayi okhaokha amakamuika padambo, m'kadzenje kosazama, popanda chizindikiro, ndipo salira maliro. Amati pakasokonezeka, mayiyo sadzaberekanso. Ine ndinakulira m'mapiri momwemu, zonsezi ndinkazidziwa, koma maso anga anali pa kamakina.

Ndinagwada, n'kuchotsa kansanzako ndi zala, n'kukabwezera pamodzi ndi dothi lake. Nambewe anasalaza pamwamba ndi chikhatho, monga timachitira poyala mphasa. Sanalire, sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Inu mwaphunzira, ndiuzeni. Ndidzaberekanso?"

Ndinati inde. Mawu anga anatuluka opanda mphamvu, ndipo iye anamva zimenezo.

Apulofesa nditawaimbira anati, "Pepani, koma popanda kadontho kameneko dambo lonselo tilitaya pa kafukufukuyu. Bwereraniko mawa." Ndinakana. Dambolo linatayikadi, lipoti langa linatuluka lopunduka, ndipo zaka ziwiri zitatha anandithokoza bwinobwino n'kulemba wina.

Lero ndili pa yunivesite ina, ndili ndi ophunzira anga. Lamulo langa ndi limodzi: ogala isanatsike m'galimoto, ndimapita ndekha kukakhala pansi ndi amayi a pamudzi, ophunzira aamuna atatsala kumsewu. Sindifunsa kuti pali chiyani. Ndimangoti andilozere pamene sindiyenera kuponda, kadontho ka pamenepo n'kukafufuta.

Kwa Kasakula ndadutsako kangapo. Pamsika ndimachepetsa liwiro, n'kumayang'ana kumsana kwa mayi aliyense wogulitsa mpiru. Kutsika kuti ndifunse za Nambewe, mtima umakana. Ndimaopa kumupeza kumsana kulibe kanthu.