Chitseko Chopanda Nyumba

Ku Limbe, chakufupi ndi msika, kunali sitolo yakale ya amwenye yokhala ndi khonde lalitali la nsanamira zobiriwira. Bambo anga anali telala pakhondepo. Ndikaweruka kusukulu ndinkakakhala pambali pawo, nkumatola tizidutswa ta nsalu tosokera zidole zanga. Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a makina kapena la simbi ya makala, mtima umathamangira komweko.

Chaka china mwini sitolo uja anakalamba, naigulitsa kwa Che Jafali, mkulu wina wa malole. Iwo ankafuna kuti mwana wawo wamkazi azigulitsiramo mankhwala. Koma akuluakulu a mzinda anawauza kuti nyumbayo ndi yakalekale, kumaso kwake asakukhudze. Amisiri anasasula denga, nagwetsa zipinda zonse, nkusiya khoma lakumsewu lokha ndi khonde lake, atalichirikiza ndi mitengo ya bulugama. Ukaima pamsewu, sitolo inali bwinobwino. Ukasuzumira pawindo, unkaona mitambo ndi phiri la Mpingwe.

Zoti khoma likhala aliyense ankadziwa, koma za atelala panalibe anatchulapo. Makasitomala ambiri sankadziwa nkomwe dzina la bambo. Ankangoti "atelala a pansanamira zobiriwira", ndipo kuchoka pamenepo kunali kutha kwa ntchito. Choncho bambo anakakamira, fumbi la simenti likuwayeretsa tsitsi ngati nkhalamba. Mayi ankawanena kuti adzafera khoma la eni. Kenaka tinamva mphekesera yoti Che Jafali abwera Lachisanu akachoka kumzikiti, kudzawauza kuti asamuke. Ine ndinachita mantha kwambiri.

Lachisanu lomwelo kunabwera mkwatibwi wa ku Bangwe kudzayesa diresi, ali ndi azakhali ake ndi amayi ena. Kuyambira kale, oyesa zovala ankalowa m'kachipinda ka kuseri kwa kauntala. Bambo, maganizo ali kwa Che Jafali, anangochita monga mwa masiku onse. Anakankha chitseko chachikulu chija mwaulemu nati, "Lowani mkati mukayese, mayi."

Mkwatibwi analowadi, maso ali pansi, diresi lili kumanja. Atadzutsa mutu anangoona ali pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, amisiri atakhala pamulu wa njerwa akudya chinangwa.

"Takulandirani, alendo!" anatero mmisiri wina, chinangwa chili mkamwa.

Azakhali aja anasuzumira, nagwira m'chiuno. "Atelala, nanga nyumba yanuyi mwaibisa kuti?"

Khonde lonse linafa nalo phwete. Bambo anasowa poika nkhope, ndipo ndinawamvera chisoni ngakhale nanenso ndinkaseka.

Koma amayi sasowa chochita. Azakhali anathamangitsira amisiri kumsewu, namasula chitenje chapamwamba. Anzawo anachitanso chimodzimodzi. Anaima mozungulira, aliyense atatambasula chitenje chake, mkwatibwi ali pakati. Ine anandipatsa nsonga imodzi, ndikuchita kunyanyamphira. Panatsala mpata mbali imodzi, ndipo nthawi yomweyo galimoto ya Che Jafali inaima. Akazi awo, Abiti Saidi, atangoona zimene zinkachitika sanafunse kanthu. Anatsika, natulutsa nsalu m'chikwama, nkutseka mpata uja. Amuna awo anatsala pakhonde atafulatira, akuyang'ana kumsewu ngati akudikira minibasi.

Mkwatibwi atatulukira pachitseko atavala zoyera, nthungululu inamveka mpaka kumsika. Ogulitsa nthochi anaimirira, oyenda pansi anaima. Abiti Saidi anagwira msoko wa diresilo, nauyang'anitsitsa, kenaka anatembenukira kwa amuna awo.

"Inu, paja mumati mudzanena chiyani kuno? Mwana wathu azigulitsa mkatimo, awa azisoka panja pano. Chavuta nchiyani?"

Che Jafali anakonza chisoti chawo, natsokomola pang'ono. "Ine ndinangobwera kudzaona khoma basi."

Bambo anasoka pakhondepo mpaka maso awo anatopa. Masiku ano Limbe wasintha. Makonde ambiri anagwetsedwa, m'malo mwake munabwera magalasi opanda ndi mthunzi womwe, ndipo anthu anazolowera kaunjika, atelala nkumachepa. Sitolo ija mkati mwake ndi mwamakono, moyera ndi mozizira bwino, koma kumaso kwake sikunasinthe.

Mwezi wathawu mvula inandipezera ku Limbe, ndipo ndinakausa pakhonde lomwelo. Nditayang'ana pansi ndinaona timaenje tinayi pasimenti, pomwe miyendo ya makina a bambo inadya kwa zaka zonse zija. Mtsikana wogulitsa mkatimo anatuluka nati, "Mayi, lowani mkati, mukunyowa." Ndinamuthokoza, koma ndinamuuza kuti ife kwathu ndi panja pano.