Yoswa Wopalasa Chammbuyo

Kumunsi kwa Malomo, kumene mapiri a Ntchisi amatsetserekera ku mtsinje wa Bua, kudali doko la a Elifala. Bwato lidali limodzi, la mtengo wa mbawa, ndipo ankaliyendetsa choimirira, akukankha pansi pa madzi ndi nsungwi yaitali. Aliyense kumeneko ankadziwa kuti ntchito ya bwato ndi ya miyendo.

Yoswa, mwana wa a Lidia, mlongo wawo wa a Elifala, miyendoyo adalibe. Idalipo ndithu, koma poliyo adaiyamwa iye ali ndi zaka zinayi, nkutsala ngati mapesi. Ankayenda ndi manja atagwira timatabwa, mpaka mapewa ake adakula ngati a ng'ombe yapangolo. Tsiku lililonse ankatsikira kudoko kukakapa madzi m'bwato la atsibweni ake, ndipo mtima wake wonse udali pamenepo. Koma wophunzitsidwa nsungwi adali Felton, mwana wa amayi aang'ono a Yoswa, mnyamata wamtali yemwe adalowa Yufi, gulu la achinyamata a chipani, makamaka chifukwa malaya ofiira ankamukhala.

Wosokoneza zinthu adali a Zuberi, okonza njinga pa Malomo. Kwawo kudali ku Nkhotakota, ndipo adaonako anthu akupalasa chokhala. Tsiku lina powoloka adayang'ana mapewa a Yoswa nati, "Elifala, injini uli nayo, ukuikapitsa madzi?"

Patapita sabata ziwiri adabwera ndi thabwa lopingasa pabwato, mafoloko awiri a njinga okolekamo nkhafi, ndi kampando kokhala ndi chotsamira. Popeza Yoswa sakadatha kupondera, adamumanga m'chiuno ndi chubu cha njinga kuti asamaterereke akakoka.

A Lidia ataona adagwira kumutu. "Alongo, mukundimangirira mwana ngati mbuzi yopita kumsika? Nanga likagubuduka?"

"Mfundoyo ndi yokoka kamodzi," adayankha a Elifala. "Mlekeni."

Choncho Lamulungu masana, ntchito ikachepa, Yoswa ankapalasa. Kupalasa kwake kudali kwa chammbuyo, msana kumene akupita, ndipo anthu ankasiya ndi mowa womwe kudzaonerera. Felton ndiye ankatsogolera kumuseka. "Taonani! Akupita ku Kasungu maso ali ku Ntchisi!"

"Ndikuyang'ana iwe, ungabe nsapato za anthu," ankatero Yoswa, osaleka kukoka.

A Elifala adamwalira mu Febuluwale 1979, tsidya lina, kumudzi kwa akazi awo kumene ankakhala chikamwini. Dzulo lake Felton adali atabwera ndi bwato tsidya lino, ndipo mvula idagwa kumtunda mpaka Bua adameza mabango onse. Uthenga udadza mofuula kuchokera tsidya ilo: ngati eni ake safika dzuwa lisanapendeke, maliro aikidwa komweko. Mwini mbumba kukagona m'manda a apongozi, imeneyo ndi nkhani yoti zidzukulu zidzanyozedwa nayo.

Za bwato akuluakulu adali atanong'onezana kale pasiwa. Katundu wa atsibweni amagwera mwana wa mlongo, ndipo pa ana awiriwo wamiyendo adali mmodzi. Yoswa adamva zonse. Anthu amaiwala kuti wokhala pansi makutu ake amakhala pafupi ndi mphasa.

Felton adavula malaya ofiira aja nakwera. Atangopitirira pamene padali mabango, adaponya nsungwi ndipo siidagunde pansi. Adaponyanso, osagunda. Madzi adalitembenuza bwato kawiri, mwamwayi lidakakodwa mu nthambi za mkuyu kumunsi. Anthu adalikokera kudoko ndi zingwe, iye milomo itayera.

Yoswa sadapemphe kwa aliyense. Adakwawa m'matope, nakoka thabwa lake lija kuchokera pansi pa chitsamba, nayamba kulimanga pabwato. A Lidia adaima pambali pake nthawi yaitali. Kenaka adagwada, natenga chubu, namumanga okha.

"Ukawauze atsibweni ako kuti ndikuwadikira," adatero.

Adayamba wakwera kumtunda m'mbali mwa gombe, kenaka adalowa pakati mopingasa, kulola madzi amutsitse pang'onopang'ono. Zitsa zinkadutsa, iye nkumakoka. Tsidya ilo adzukulu adagoneka thupi lokulungidwa mumphasa kutsogolo kwa mawondo ake, koma padalibe wofuna kukwera nawo. Mmodzi adati ali ndi ana aang'ono, wina adayamba kutsokomola.

Adabwerera awiriwiri. Chifukwa cha kakhalidwe kake kaja, ulendo wonse Yoswa ankayang'anizana ndi atsibweni ake. Amene adali pagombe amati ankawalankhula. Zimene ankanena sadauzepo munthu, ngakhale ambiri adayesa kumugulira tiyi kuti aulule.

Bwato litagunda mchenga, amayi onse adayamba kulira. Zikhato za Yoswa zidali zitasupuka, ndipo zala zidakana kumasula mfundo. Adamumasula Felton, osamuyang'ana kumaso.

Tsiku lometa, akuluakulu adazungulira nkhani mpaka dzuwa kufika paliwombo. Wina adati chilimwe madzi amachepa, nsungwi imakwanira. Wina adati munthu wopuwala angaopseze makasitomala. Pomaliza a Lidia, omwe sadafunsidwe, adalankhula ali kumbali ya amayi.

"Amene akufuna bwatoli apite nalo tsidya lero, abwere nalo. Madzi ndi omwe aja."

Onse adayang'ana Felton. Iye adatola kamtengo nayamba kujambula pansi.

Yoswa adawolotsa anthu padokopo zaka khumi ndi zitatu: amayi apakati, mabelo a fodya, njinga, ngakhale ayufi amene ankamufunsa khadi la chipani ali m'bwato lake lomwe. Adaleka mapewa atayamba kukana. Bwato adalisiyira mwana wamkazi wa Felton, yemwe miyendo yake idali yabwinobwino, koma sadafune kuphunzira kupalasa kwa mtundu wina kupatula kwa chammbuyo.