Mkono wa Loboti ya Mwana Wanga

Pa nkhani yonenerera malonda, ku Langa kuno palibe angandipusitse. Ndikafuna nsapato ndimayamba ndainyoza kaye, ndipo wogulitsa sadziwa zamumtima mwanga. Ndiye mwana wanga wamkazi atalowanso mpikisano wa maloboti ndi timu ya kusukulu kwawo, ndinati zofufuza matimu ena asiyire ine.

Ndinali ndi chifukwa changa. Chaka cham'mbuyo mwake, bwana wina wa ku Constantia, dera la anthu olemera, amene ndinkamusamalira maluwa anandipeza pa mpikisano womwewu, mwana wakenso ali mu timu ina. Anayang'ana loboti ya ana athu n'kundifunsa, anthu akumva, ngati matayala ake ndinachotsa pa wilibala yake. Ndinaseka nawo, monga timachitira aganyufe. Koma chaka chonse ndinkatchetcha kapinga mawu amenewo ali pakhosi.

Ulendo uno ndinavala ovolosi n'kumazungulira matebulo awo ngati wosesa. Munthu wa ovolosi saoneka. Ndinaona zonse, ngakhale sindinatolepo kanthu. Kenako ana athu atapita kukadya, atsikana awiri a timu ya mwana wa bwanayo anafika pa tebulo lathu ndi kapepala. Anafunsa mwaulemu ngati mkono wa loboti yathu umanyamula bwino. Mkono umenewo mwana wanga anauvutikira Loweruka lililonse, ndipo sunkaphonya.

Chamumtima ndinati, mwabwera nokha. Ndinapukusa mutu mwachisoni n'kuwauza kuti umangokakamira. Analemba, n'kuthokoza.

Masana ndi pamene ndinadziwa mwambo wake. Matimu apamwamba amasankha timu ina yoti athandizane nayo m'ndime yomaliza, ndipo kapepala ka atsikana aja ntchito yake inali imeneyo. Timu ya bwanayo inali pamwamba. Inatidumpha, enanso onse anatidumpha.

"Adadi, mwawauza chiyani atsikana aja?" mwana wanga anafunsa.

"Ndimawasocheretsa, mayi."

"Amafuna kusankha ifeyo."

Loboti imene anatenga m'malo mwa yathu inazima pakati pa bwalo, timu ya bwanayo n'kugonja. Ndisaname, bwanayo ndinamuyang'anitsitsa mpaka anatsitsa foni imene ankajambulira, ndipo zinanditsekemera kwabasi. Ndinadutsa dala pamaso pake n'kumupatsa moni wa ulemu wonse, chipewa chili m'manja.

M'sitima yobwerera ku Langa mwana wanga anakhala mpando wakutali, katoni ya loboti ili pamiyendo, mpaka kutsika. Inuyo mukuona kuti anapambana ndani?