Khadi Lomwe Linakana Kulowa

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mtima uli pansi, tamverani za mtsikana wina amene anzake ankamutchula Mphepo, chifukwa sankatha kukhala pampando mpaka kumaliza kapu ya tiyi.

Tsiku lomwe anamuchotsa ntchito, anatuluka pageti la kampani ya inshuwalansi atanyamula kajumbo ka masikuludilaiva ake. Antchito anzake anali ataima m'makonde manja lende, chifukwa makompyuta onse m'nyumbamo sankalumikizana. Palibe amene anamuuza kuti ayende bwino.

Mlandu wake unali uwu. Mphepo ndiye ankasamala netiweki ya kampaniyo. Mtima wa netiwekiyo unali switchi yaikulu ya m'kachipinda kozizira. Thupi lake, lomwe akatswiri amalitcha chasisi, ndi bokosi lachitsulo lotalika ngati firiji yaing'ono, lokhala ndi mipata yolowetsamo makhadi ngati madilowa. Pa makhadiwo ndi pomwe amalumikiza mawaya ochokera mu ofesi iliyonse.

Chasisi yakale itayamba kutopa, Mphepo anawakakamiza mabwana kuti agule yatsopano, yonyezimira, ya opanga omwewo. Poti opanga anali amodzi, anangoganiza kuti makhadi akale alowa. Sanafunse, sanayese. Loweruka anazula makhadi onse, ogulitsa n'kukweza chasisi yakale mu lole, monga anagwirizanirana. Kenako anatenga khadi loyamba n'kulikankhira mu yatsopano. Linalowa bwinobwino, koma kutatsala chala chimodzi kuti lifike, linaima. Mano akumbuyo kwake sankagwirizana ndi a chasisiyo. Anayesa lina, anayesanso lina, thukuta lili kamukamu. Makhadi oyenera anali kunja kwa dziko, ndipo lole ija inali itapita kalekale. Safunsa anadya phula.

Mbiri inawanda. Kulikonse komwe ankafunsira ntchito, ankamuyang'ana nkhope, kenako pepala, kenako nkhopenso.

"Kodi si inu munazimitsa kampani yathunthu?"

Kunyumba sankakhazikika. Ankasesa posesasesa kale, kutuluka, kuzungulira msewu, kubwerera, kutsegula firiji osatengamo kanthu. Manyazi ankamudya, ndipo ankadzida yekha.

Amene anamutola anali malume ake, mwini shopu ya zipangizo zakale za m'maofesi.

"Bwera uzidzapukuta fumbi, mphwanga," anatero. "Fumbi silifunsa satifiketi."

Taganizani, munthu wophunzira wavala ovolosi, akupemerera fumbi m'machasisi otayidwa, a mtundu womwe uja anauthamangitsa yekha! Masiku oyamba ankalira chamumtima. Koma manja ake sankadziwa kukhala chete. Akamaliza kupukuta ankamasula, akamasula ankayesa, akayesa ankabwezeretsa. Anafika podziwa khadi liti limalowa muti, ndi chomwe chimayamba kufa: mafani oziziritsa kaye, kenako mabokosi a magetsi. Anaonanso chinthu chomvetsa chisoni. Opanga anali atasiya kupanga zosinthira za mtunduwo, moti kuti adzutse chasisi imodzi ankayenera kukhadzula zinzake ziwiri.

Tsiku lina m'shopumo munalowa mayi woyang'anira chipatala china. Katswiri wawo anali atapita kwina, ndipo switchi yawo inkalira ngati chigayo. Ankafuna chasisi ina yofanana ndi yawoyo. Malume anamwetulira mpaka mano onse kuonekera, n'kutuma Mphepo kuti akaone.

Anakapeza zomwe ankaziopa. Fani imodzi inali itafa, bokosi limodzi la magetsi linali litapsa, ndipo chipatala chonse chinkadalira lomwe linatsalalo. Madokotala ankadikira zithunzi za ekisirei pakompyuta mpaka kuyamba kuyasamula.

Mayi aja sanazungulire. "Ndiuzeni chinthu chimodzi, achemwali. Tigule yakale yofanana ndi iyi, kapena yatsopano? Mukatilangiza bwino, ntchito yosamala makinawa ndi yanu."

Mphepo anapempha kuti akaganize. Pobwerera sanakwere minibasi, anayenda wapansi njira yonse, mutu ukuwira. Yakale inali yosavuta: makhadi alowa, sadzachitanso manyazi, malume agulitsa katundu. Koma ankadziwa kuti chasisi yotereyo idzafa tsiku lina odwala ali pamzere, zosinthira palibe. Yatsopano ndiyo inali yoyenera. Koma yatsopano ndi imene inamugwetsa.

Atafika kushopu anayamba kusuntha makatoni omwe sanalakwe chilichonse.

"Iwe, upasula shopu yanga," anatero malume. "Chavuta n'chiyani?"

Anawafotokozera zonse.

"Ndiye ukufuna kundithawitsira kasitomala, ine amene ndinakutola?"

"Ayi malume, ndiwauza kuti agule yakale. Sindingayambirenso zija."

Malume anasiya nthabwala.

"Akanakhala mayi ako agonekedwa m'chipatala chimenecho, ukanasankha iti?"

"Yatsopano."

"Nanga ukundifunsiranji? Chikakuluma chakuda umaopa khala, ndikudziwa. Koma chinakuluma iwe si chasisi yatsopano. Chinakuluma ndi phuma lako. Pita ukawauze zoona, zitsulo zangazi zipeza mwini wina."

M'mawa mwake anakawauza mayi aja kuti agule yatsopano, ndipo sanabise za kampani ya inshuwalansi.

"Ndinazimva kale zimenezo," anatero mayiwo. "Ndimangodikira kuti ndione ngati munena nokha. Koma kuno si ku inshuwalansi. Kuno makina akazima, munthu akhoza kufa."

"Sazima, mayi. Ndipatseni mpata ndiyambe ndayesa."

Anabwereka kushopu khadi lofanana ndi a kuchipatala, n'kulikulunga m'thawulo ngati khanda, ulendo kwa ogulitsa makina atsopano. Wogulitsayo anali mnyamata wa pakamwa potsekemera.

"Amalowa amenewo, asisi, musavutike. Opanga ndi amodzi."

"Tsegulani katoni ndione ndi maso anga."

Anakangana mpaka katoni anatsegulidwa. Mphepo anakankha khadi lija pang'onopang'ono. Kutatsala chala chimodzi, linaima. Ulendo uno sanatuluke thukuta. Anaseka mpaka misozi, wogulitsa uja atangoti kakasi.

Anaitanitsa chasisi pamodzi ndi makhadi ake atsopano. Ogulitsa atanena kuti abwera ndi lole kudzatenga yakale, anakana kwamtuwagalu. Yakale ikhala pomwepo, ikulira choncho, mpaka waya womaliza atasamuka.

Ndiye munthu uja wosatha kumaliza kapu ya tiyi anayamba ntchito yofuna kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono. Anaimika machasisi awiriwo moyandikana n'kuwalumikiza. Waya uliwonse ankaumata kapepala ka dzina la chipinda chake. Akasamutsa umodzi, ankathamangira kuchipindako kukafunsa ngati kompyuta ikugwira, n'kubwerera kudzasamutsa wina. Anamwino anazolowera kumuona akudutsa m'makonde ngati wathawa moto.

Waya wa ku labotale ndiwo unamuyesa. Anauzula ku yakale, n'kuulowetsa ku yatsopano, koma kanyali kobiriwira sikanayake. Anadikira. Sikanayake. Mawu ena mkati mwake ankati, wayambanso, siya zonse uthawe. Koma yakale inali pomwepo. Anabweza waya uja mwamsanga, labotale n'kupitiriza ntchito osadziwa kanthu. Atafufuza modekha anapeza kuti mutu wa wayawo unali wothyoka pang'ono, moti sunkagwira bwino mu yatsopano. Anaika wina, nayesanso, ndipo kanyali kanayaka.

Waya womaliza utasamuka, anazimitsa chasisi yakale ndi dzanja lake. Chigayo chija chinangoti zii. Anaima pakhomo kumvetsera ngati wina akuwa m'makonde. Kunali anthu oyenda ndi mawilo a machira basi.

Tsiku lotsatira anakumana ndi namwino wamkulu, mayi wosanyengerera munthu.

"Achemwali inu, mwatizungulira mokwanira. Makina anuwo musintha liti? Mutiuziretu, tikonzeke kulemba pamanja."

"Tinasintha kale, amayi. Kuyambira dzulo mukugwiritsa ntchito atsopano."

"Bwanji sitinamve kanthu?"

Mphepo anakalowa m'kachipinda kozizira kaja, n'kukhala pansi, n'kulira ndi chimwemwe. Mayi woyang'anira chipatala anamupeza ali pomwepo, ndipo anamuika makiyi a chipindacho m'manja.

Inu amene munalakwitsapo anthu akuona, ndipo lero mumalambalala malo omwe munagwera, mvetsani izi. Mantha adzakuuzani kuti musankhe chosavuta, chomwe sichingakuchititseninso manyazi, ngakhale mukudziwa kuti si choyenera. Musawamvere. Bwererani pomwepo, koma ulendo uno mufunse, muyese ndi manja anu, musamutse waya umodziumodzi. Kugwa kamodzi si kutha kwa ulendo. Ntchito ingatayike, mbiri ingaipe, koma mtima wokhawo musautaye.