Nambala Imene Inayamba Kulira Ngati Nyenje

"Ba neba, chija chamene chilila mu foni yanu ya ku nchito, ni chani?"

Anandifunsa ndi mayi wa khomo loyang'anana ndi lathu, m'mafulati a ku Kabwata. Ndinali nditangotsika basi kuchokera m'tauni, ndabwera kudzatenga mwana wanga, amene mayiyo ankandisungira masana kuyambira ali wakhanda. Tsiku limenelo sanandipatse mwanayo m'manja monga ankachitira. Anamukhazika pansi pakhomo, thewera lili chinyowere.

Ndinkagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa zitsulo za galimoto, kufupi ndi msika wa m'tauni. Sukulu ndinalekezera giledi seveni, koma mtima wanga supsa msanga, ndiye anandiika pa bolodi la mafoni. Foni ikalira ndiyankhe, ndilumikize kwa amene akufunidwa. Pambali pa bolodilo panali foni ina yakuda, ya nambala yakeyake, imene mabwana anali ataiiwala. Nambala imeneyo ndi imene ndinapatsa aneba onse, poti m'fulati mwathu munalibe wa foni. Wina akadwala kumudzi kapena akamwalira, achibale ankapita ku positi ya ku boma kukaimba nambala ija, ine madzulo n'kufika ndi uthenga. Uthenga wa maliro sugona panjira. Sindinaugonekepo.

Kenako kampani inagula makompyuta, ina kwathu, ina ku nthambi ya ku Kitwe. Kunabwera katswiri wake, bambo wa ku Luapula, kudzatiphunzitsa. Ine anayamba nane, chifukwa mawaya onse ankadutsa pa ine.

"Mayo," anatero, poti kwawo mayi amamuitana choncho, "iyi kompyuta siikwela basi kuyenda ku Kitwe. Iyenda mu waya wa foni."

Anandionetsa kabokosi kotchedwa modemu. Kameneko kamasandutsa zolembedwa kukhala kulira, kulirako n'kuyenda m'waya, ndipo kabokosi ka ku Kitwe n'kubwezanso kulirako kukhala zolembedwa. Sizinandivute kumva. Imeneyo inali ntchito yanga yomwe, kulumikiza uyu ndi uyo, kungoti tsopano olankhulana anali makina.

Phunziro lachiwiri ndi limene analiumirira. "Waya ni njila, mayo. Njila siisankha. Apitamo mwine wa nyumba, apitamo na kawalala." Kawalala ndiye wakuba. Aliyense amene ali ndi kabokosi kotere, akadziwa nambala, angathe kugogoda pa kompyuta yathu ali kutali, n'kuona mitengo ya katundu, n'kusintha, n'kufufuta. Chitseko chake chinali liwu lachinsinsi. Liwulo osalilemba pansi pa tebulo, osauza ngakhale mwamuna wako, ndipo lizisinthidwa. Komanso munthu wakunja asadziwe kuti nambala yakuti ndi imene ifika ku kompyuta. Bwana anawonjezera kuti woulula achoka ntchito.

Masiku amenewo laini yatsopano ya foni munkaidikira zaka. Ndiye anangozula foni yakuda ija n'kulumikizapo kabokosi. Madzulo ake ndinayenda khomo ndi khomo kuuza aneba kuti aziimba nambala yaikulu ya pa bolodi. Onse anavomera. Koma kumidzi, nambala yakale inali itakhala kale m'mitu ya anthu.

Tsiku lina mlongo wake wa neba wanga uja anapalasa njinga kuchokera kumudzi mpaka ku boma la Petauke, kukanena kuti amayi awo amwalira. Anaimba, foni inayankhidwa, koma m'malo mwa mawu anga anamva kulira ngati kwa nyenje. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anabwerera, naika maliro. Uthenga unafika ku Kabwata ndi munthu wa pabasi, manda atauma kale.

Ndiye ndinaima pakhomo paja, mwana akukwawira kumiyendo kwanga.

"Pepani maningi, ba neba. Koma za chija siningakambe. Ni za ku nchito."

"Simungakambe? Amai anga aikiwa ine nili pano, nichapa matewela ya mwana wanu, imwe muti simungakambe?"

"Ninakuuzani kuti nambala yachinja."

"Yachinja chifukwa chani? Munaikako chani?"

Ndinangowerama n'kunyamula mwana. Munthu wolira sutsutsana naye.

Koma m'nthawi ya chipani chimodzi, mawu akuti "siningakambe" anthu ankawamva mwa njira imodzi yokha. Tonse tinkaopa a shushushu, akazitape a boma amene ankamvetsera zolankhula za anthu. Chaka chomwecho bambo wina wa m'fulati yapamwamba anali atatengedwa ndi galimoto atadandaula za mtengo wa unga, nabwerako ali wosalankhula. Anthu anangomanga ziwirizi pamodzi. Chija cholira m'foni, anati, ndi makina ojambula mawu, ndipo amene anagawa nambala kwa onse ndi ine.

Ngakhale maliro anali atachitika kumudzi, anthu anasonkhana kwa mayi uja kudzakhuza. Ndinamanga chitenje, ndinatenga unga m'mbale, ndinalowa mogwada monga mwa mwambo. Nyimbo inaduka pakati.

"Chepesani mau, wailesi yabwela," anatero mayi wina amene tinkaimba naye kwaya ku tchalitchi.

"Ba shushushu, senderani kuno mumvele bwino," anatero wina, akundipatsa malo aakulu pamphasa, oti n'kukhalapo anthu atatu.

Unga wanga sanauphike. M'mawa ndinaupeza pakhomo panga, ndi mbale yomwe, nyerere zitalowamo.

Ku mpopi ndikafika, amene anali kutsogolo ankachotsa zidebe zawo n'kundisiyira. Ana a m'fulati anaphunzira kulira kuja, sindidziwa anawaphunzitsa ndani, ndipo ndikamadutsa ankati "tswiii" kuseri kwa zipupa. Ndinkangoyenda. Ndinkati zidzatha, monga zimathera zina zonse.

Ndinakapempha katswiri uja kuti andilole kubweretsa mayi mmodzi yekhayo adzaone kabokosi ndi maso ake. Anandimvera chisoni, koma anakana.

"Mayo, mukauza umozi, mailo kukacha Kabwata yonse iziba. Mu Kabwata mulibe bakawalala?"

Sindinganene kuti analakwa. Chitseko chimene anandiphunzitsa chinali choona, ndipo ndinachisunga.

Chimene chinandimaliza ndi tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, bambo amene kale sankandiyankha ndi moni womwe. Nkhani itamufika, tsiku lina anandiimitsa pamaso pa anthu pamzere wa buledi, navula chipewa, nandipatsa moni ndi manja awiri. "Muli shani, amai? Pitani kusogolo, imwe simuyenela kuimilila." Ndinakana, koma onse anali ataona. Kuyambira pamenepo ngakhale amene ankakayika analeka kukayika.

Panalibenso wondisungira mwana. Ndinagogoda makomo onse. Wina akuti msana, wina akuti alendo, wina anangotsegula pang'ono n'kutsekanso. Mwamuna wanga ankayendetsa lole, ankatha masabata ali kunja. Ndinayamba kupita ndi mwana kuntchito ali kumsana. M'chipinda chathu cha kuntchito anali ataikamo makina oziziritsa chifukwa cha kompyuta, mwana anayamba chifuwa, ndipo ankalira ine ndikuyankha mafoni. Bwana anapirira pang'ono, kenako anandiitana nati ofesi si malo olerera ana, ndisankhe.

Panalibe chosankha. Ndinaphunzitsa ntchito mayi amene analowa m'malo mwanga, liwu lachinsinsi analisintha tsiku lomwelo, monga mwa lamulo. Fulati tinaisiya, tinakapeza chipinda ku Chelstone, kumene kunalibe wondidziwa. Tikukweza katundu m'lole, neba wanga uja anaima pakhomo pake atapinda manja. Mwana wanga anamutambasulira manja akuseka, poti ndi amene ankamudyetsa phala. Mayiyo analowa m'nyumba n'kutseka.

Iye anataya maliro a amayi ake. Ine ndinataya ntchito, fulati, malo anga mu kwaya, ndi mnzanga amene ndinkamusiyira mwana wanga popanda kucheuka.