Ba Kathleen ndi Mabotolo a Kamfa

Alamu anga, Ba Kathleen, anagwira ntchito zaka 26 m'sitolo ya mankhwala m'tauni, chapafupi ndi msewu wa Cairo. Sanali dokotala kapena namwino. Ntchito yawo inali kuima kuseri kwa kauntala, kupukuta mashelufu ndi kuwerengera anthu zolembedwa pa mabotolo. Ndi mlongo wawo wa malemu amuna anga. Atapuma pa ntchito anabwera kudzakhala kuno ku Kabwata, nyumba yachitatu kuchokera pa yanga, ndipo popeza ana awo onse ali ku Kitwe ndi ku Ndola, amene amawaona tsiku ndi tsiku ndine.

Si munthu wapafupi kukhala naye. Akalowa m'nyumba mwako maso awo amapita pamwamba pa filiji, ndipo usanawapatse mpando amakhala atanyamula kale botolo n'kukuuza kuti linatha mphamvu chaka chatha. Kuimba sadziwa, nthabwala amazimva mochedwa. Chimene chinkawasangalatsa chinali chimodzi, msonkhano wa amayi a kutchalitchi kwathu Lachiwiri masana. Ankasita yunifomu yawo Lolemba, n'kufika oyamba kudzasesa m'holo. Kuyendera odwala ndiye anali patsogolo. Anandiuzapo kuti pakanapanda Lachiwiri sakanadziwa kusiyanitsa masiku a sabata.

Gulu lathu lili ndi mwambo umene unayamba ine ndisanakwatiwe. Mwezi wa Meyi, kuzizira kusanafike, timagula kamfa kumsika, tizidutswa toyera tija tofewa ngati kandulo. Timatisinja m'kamtondo, kuthira mu saladi wofunda, mafuta ophikira aja, kutakasa, kupempherera, kenako n'kugawira mabanja a mumpingo amene ali ndi ana aang'ono kapena nkhalamba, kuti azipaka pachifuwa chimfine chikavuta. Muyeso wake ndi mphuno. Wotakasa akayamba kutuluka misozi, ndiye kuti mafuta akwana.

Pothira mafutawo timagwiritsa ntchito timabotolo takuda tija ta mankhwala akumwa a ana. Mayi aliyense amasunga take chaka chonse, kutitsuka, kutiviika m'madzi mpaka pepala litachoka. Chifukwa chake chilipo: kamfa amathawa ukamusiya posatseka, ndipo timabotolo timeneti tili ndi zivindikiro zothina.

Chaka choyamba Ba Kathleen anangoyang'ana. Pobwerera kunyumba anandifunsa ngati ndaona zimene iwo aona. Ndinati ndaona ntchito yachifundo. Titafika pa geti anati kamfa alibe mlandu. Munthu wamkulu akapaka pachifuwa amamva kuzizirira, kenako kutenthera, mphuno imakhala ngati yatseguka, bondo lopweteka limapumako, ngakhale kuyabwa kumaleka. Koma ndi wapakhungu basi, ndipo khungu lake lopanda bala. Mankhwala opaka a m'sitolo amaikamo pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi, pamene ife tinkathira mosayeza. Anati supuni imodzi ya mafuta amphamvu chotero ikhoza kupha mwana wa zaka ziwiri, ndipo ife tikuwaika m'botolo limene mayi aliyense mu Lusaka amalidziwa kuti ndi lothira pa supuni.

Chaka chachiwiri analankhula pamsonkhano. Mtsogoleri wathu ndi Ba Imelda a ku Woodlands, amene anali mphunzitsi wamkulu asanapume. Sindingawanenere choipa mopepuka, chifukwa pa maliro a amuna anga anagona pansi m'nyumba mwanga masiku anayi. Anamvetsera mpaka alamu anga atamaliza, n'kumwetulira.

"Ba Kathleen, ise tinakulila pali kamfa. Nanga tinafa? Onani mwamene tilili."

Amayi anaseka, chifukwa Ba Imelda ndi onenepa ndipo anadzimenya pachifuwa polankhula. Nkhani inathera pomwepo.

Alamu anga anaganiza kuti vuto ndi loti anthu sanaone ndi maso. Lachiwiri lotsatira anabwera ndi matambula awiri, limodzi la madzi, lina la saladi. Anaponya kachidutswa m'madzi, kanayandama pamwamba osasungunuka. Anaponya kamfa wosinja m'mafuta, n'kutakasa mpaka anasowa. Anawonjezera wina, nayenso anasowa. Ankafuna tione kuti mafuta amaoneka chimodzimodzi kaya mwalowa kachidutswa kamodzi kaya khumi, ndiye palibe angadziwe mphamvu yake poyang'ana. Anasiyanso kachidutswa kena m'kambale pawindo la holo. Patapita masabata atatu kanali katachepa kwambiri, kambale kali gwa, popanda ndi dontho lomwe. Anafotokoza kuti kamfa amachoka kukhala cholimba n'kulowa mumpweya osayamba wasanduka madzi, ndipo fungo limene timamva ndi iye mwiniyo akuuluka.

Amayi anachita chidwi kwambiri. Mmodzi anati n'chifukwa chake amatulutsa chifuwa, amachinyamula pouluka. Wina anati zikuonetsa kuti m'thupi sakhalitsamo, ndiye palibe choopsa. Ndinaona alamu anga akupinda nsalu ya pathebulo kanayi, kuitambasula, kuipindanso.

Atalephera apo anachepetsa pempho lawo. Anati mafuta apitirire, koma tisinthe chothiramo, tigwiritse ntchito timabotolo takukamwa kwakukulu ta mafuta odzola, timene munthu amatapamo ndi chala. Anayankhidwa kuti saladi amadontha m'menemo, ndipo fungo limatha msanga. Ndiye anagula cholembera chofiira, nakhala masana onse pakhonde panga akulemba timapepala: OSAMWA. OSAPAKA KHANDA. Anamata pa mabotolo onse 34 a chaka chimenecho. Ba Imelda atawaona anati mphatso ya mpingo singalowe m'nyumba za anthu itavala ngati mankhwala a makoswe. Panachitika voti yokweza manja. Timapepala tinachotsedwa, m'malo mwake anamangapo kariboni koyera pakhosi. Ine sindinakweze dzanja mbali iliyonse, ndipo alamu anga anaona. Sanandifunse. Ndikanakonda akanandikalipira.

Zinachitika mu Julayi, Lamlungu m'mawa. Tinali kuseri kwa nyumba yanga tikuyanika zovala pamene foni ya Ba Kathleen inalira. Anali Monalisa, mayi wachitsikana wa mumpingo mwathu amene amakhala ku Libala ndipo amagwira ntchito m'sitolo ya zovala, ngakhale Lamlungu. Anali atasiya mwana wake Chipego, wa zaka ziwiri, ndi bambo a mwanayo, a Killian. Mwanayo anali ndi chifuwa, ndipo pochoka anawauza amuna ake kuti amumwetse supuni imodzi ya mankhwala a m'botolo lakuda pamwamba pa filiji. Pamwambapo panali mabotolo akuda awiri. Kariboni kanali katagwa kale. A Killian nawonso anali ndi chimfine, mphuno zitatsekeka, sanamve fungo lililonse. Mwana atalavula ndi kulira modabwitsa, m'pamene analawa chotsalira pa supuni n'kuimbira akazi awo.

Alamu anga anapempha nambala ya a Killian n'kuwaimbira okha. Sindinawamvepo akulankhula mofatsa chotero. Anawauza kuti asamupise chala kukhosi, asamupatse mkaka, asamupatse saladi, chifukwa mafuta ndiwo amathandiza kamfa kulowa msanga m'magazi. Atenge mwana ndi botolo lomwelo, apite kuchipatala. A Killian anayankha kuti mwana watonthola, akusewera, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana wabwera kale ndi kapu ya mkaka.

"Tate wa Chipego, ikani kapu pansi. Yendani manje manje. Akayamba kugwedezeka mumugoneke chammbali, musamuike kanthu mukamwa."

Anamvera, nanyamuka nthawi yomweyo. Mwana anayamba kuuma thupi ndi kugwedezeka ali m'galimoto, asanafike n'komwe pa geti la chipatala. Ife tinafika pa takisi titavala zovala zochapira. Madokotala anamubaya jekeseni yoletsa kugwedezekako, ndipo anauza makolo zimene alamu anga anali atandiuza kale panjira, kuti palibe mankhwala ofafaniza kamfa m'thupi. Chimene angachite n'kumuyang'anira kupuma mpaka thupi litamutulutsa lokha. Tinakhala pa benchi tikupemphera chamumtima. Mwayi wake unali woti zambiri analavula. Anatuluka patapita masiku awiri, ali wofooka koma akudya.

Lachiwiri lotsatira m'holo munadzaza. Tinaimba, tinathokoza Mulungu, ndipo kuthokozako kunali koona. Kenako nkhani inatembenukira kwa a Killian. Wina anati amuna sadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere m'nyumba zawo. Wina anati wake anathirapo sopo wa ufa m'phala. Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo ndinazindikira kuti kusekako ndiko kutseka nkhani. Monalisa sanabwere tsiku limenelo.

Ba Kathleen anaimirira osapempha mwayi. Anati a Killian anachita zimene anauzidwa, botolo lakuda, supuni imodzi. Amene anaika poizoni m'botolo la mankhwala a ana ndi ife, ndi manja athu, titapemphera. Anati mabotolo 33 akadali m'nyumba za anthu ndipo akupempha mndandanda wa mabanja amene analandira.

Ba Imelda anayankha mosakweza mawu. Anati liwu loti poizoni silingatchulidwe pa chinthu chimene chathandiza mpingo zaka zoposa makumi atatu, nkhaniyi idzakambidwa mu Meyi nthawi yake ikakwana, ndipo mndandanda kulibe. Anawonjezera kuti aliyense wopita m'makomo kukaopseza anthu asatchule dzina la gulu.

"Nizayenda mu dzina langa," anatero alamu anga, n'kutenga chikwama chawo.

Anayendadi. Mayina ena anawakumbukira okha, ena ndinawakumbutsa ine. Kwa masabata atatu anakwera mabasi kupita ku Chelstone, ku Makeni, mpaka ku Lilayi, m'fumbi la Ogasiti, ali ndi chikwama cha pulasitiki. Kawiri ndinawaperekeza. Ena anapereka botolo mwamsanga atamva za Chipego. Ena anati linatha, koma fungo likumveka kuchokera pa khomo. Agogo ena ku Chelstone analibisa m'chitenje, n'kunena kuti mawondo awo sadziwa mankhwala ena. Alamu anga anawalola kusunga mafutawo, koma anawakhuthulira m'kachitini ndi manja awo n'kutenga botolo. Ku Kabulonga mkazi wa mkulu wina wa mpingo analankhula nafe pa kabowo ka geti, nati anamva kale za ulendo wathu ndipo alibe nthawi. Tinaima panja pa mpanda kwa kanthawi, kenako tinabwerera kukakwera basi.

Anapeza mabotolo 19. Anawakulunga m'manyuzipepala n'kupita nawo kusitolo kumene ankagwira ntchito kuti akatayidwe moyenera.

Palibe anawachotsa m'gulu. Kungoti dzina lawo linasowa pa ndandanda ya oyendera odwala, ndipo tsache la m'holo linapatsidwa kwa wina. Akafika, mpando wa pambali pawo unkakhala wopanda munthu mpaka ine nditafika. Mu Okutobala analeka kubwera Lachiwiri. Pa Sabata amabwerabe kutchalitchi, amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo Monalisa amakhala nawo, Chipego ali pamiyendo pawo akuseweretsa magalasi awo. Lachiwiri masana ndikamadutsa pa nyumba yawo nditavala yunifomu, ndimawapeza akuthirira repu kuseri, ngakhale tsiku limene mvula yagwa.

Meyi wa chaka chino nkhani ija sinakambidwe. Chilengezo chinangoti amene ali ndi mabotolo apite nawo ku Woodlands, kunyumba kwa Ba Imelda, osati kuholo. Ine sindinapite, ndipo ndinamva kuti ambiri sanapite, ena akuti anatanganidwa, ena akuti mabotolo anasowa. Anapanga khumi ndi awiri okha. Ndinathamangira kwa alamu anga ndi nkhaniyi poganiza kuti iwatonthoza. Ndinati onani, kuchoka pa 34 kufika pa 12, anthu anamva ngakhale sanavomere pakamwa.

Sanasangalale. Anatseka mpopi, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Mulamu, nyumba twelufu. Muli bana mu nyumba izo. Imwe mukali kungena pa Chibili, munifunsileko ni bandani."

Ankafuna kuti, popeza ine ndikupitabe kumsonkhano wa Lachiwiri, ndiwafunsire mabanja amene analandira mabotolowo. Ndinawauza kuti sindidziwa kufunsa zinthu zotere popanda kukhumudwitsa anthu. Anati akudziwa, n'chifukwa chake akutuma ine osati wina, popeza ine anthu sandiopa. Ndakhala ndikufunsa pang'onopang'ono, potsuka makapu tikatha msonkhano ndi poyenda kupita pokwerera basi. Mpaka pano ndapeza mayina asanu ndi awiri. Limodzi mwa iwo ndi la mdzukulu wa Ba Imelda, amene ali ndi khanda la miyezi inayi, ndipo dzina limenelo ndinalipereka loyamba.